Kutsitsa galimoto ya banja: msewu wa ku Nsaru ukuti chiyani?

Galimoto zing'onozing'ono zodukira kumbuyo, zija chitseko cha buti chimatsekukira m'mwamba pamodzi ndi galasi lake, zafika paliponse kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe. Tsiku la msika pa Msundwe, pa Namitete kapena pa Nsaru muona Toyota Vitz, Passo, Honda Fit, Mazda Demio ndi Nissan Note zitandanda m'mbali mwa msewu. Mphunzitsi adagula yake ndi ngongole, mlimi adaitanitsa ku Japan atagulitsa fodya ku Kanengo, wina adachita kumugulira mwana wake wa ku Joni. Mafuta zimamwa pang'ono, zipangizo zake sizisowa m'tauni, ndipo palibe makaniko yemwe sadatsekulepo imodzi. Tsono mwa eni ake muli achinyamata amene akaona pa foni galimoto yonga yawoyo itanyonyomala, matayala atalowa theka m'thupi, mtima umachita dyokodyoko. Amayamba kufunsa za masipuling'i otsitsa galimoto: abwino ndi ati, amagulidwa kuti, amaikidwa bwanji.

Maganizo anga sindiwabisa. Galimoto ya banja yogona ku Kabudula kapena ku Nambuma, yomwe sabata siitha isadaponde msewu wafumbi, siyenera kutsitsidwa. Yogona pa Mpingu, imene moyo wake wonse ndi phula la M12 kupita kuntchito m'tauni ndi kubwerera, ingathe kutsika masentimita 2 kapena 3 mwini wake osalira, bola ntchitoyo igwiridwe mwaluso. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene ambiri saiganizira. Galimoto zochuluka za kuno n'zotsika kale, eni ake osadziwa, ndipo chomwe zikusowa ndi kubwezeredwa msinkhu wake.

Thupi la galimoto, injini, anthu ndi katundu, zonse zimakhala pa masipuling'i anayi. Sipuling'i ndi chitsulo chopota chimene chimafupika chikalemedwa n'kubwerera chikapepukidwa, ndipo kutalika ndi kulimba kwake n'komwe kumalamula msinkhu wa galimoto. Mashoko sanyamula katundu. Ntchito yawo ndi kuletsa kudumphadumpha: m'kati mwa shoko muli mafuta amene amakanikizidwa kudutsa m'timabowo, ndipo kukana kwa mafutawo kumatontholetsa sipuling'i tayala likagunda bampu. Anthu amasokoneza ziwirizi kawirikawiri. Galimoto ikagwa kumbuyo amathamangira kukagula mashoko, kenaka n'kudabwa kuti yakhalabe chigwere.

Pafupifupi galimoto zonse ndatchulazi zidapangidwa mofanana kunsi. Kutsogolo shoko imalowa m'kati mwa sipuling'i n'kukhala mwendo umodzi, ndipo mwendo womwewo umazungulira pokhotetsa tayala. Kapangidwe kameneka kamadziwika ndi dzina la Earle MacPherson, injiniya wa ku America amene adakakonza m'zaka za m'ma 1940. Kumbuyo kuli chitsulo chimodzi chopingasa cholumikiza matayala awiriwo, sipuling'i payokha, shoko payokhanso. N'chifukwa chake kusintha akumbuyo sikuchedwa, pamene kutsogolo n'kumene kuli ntchito ndi ngozi yomwe.

Otsitsa galimoto sikuti apenga ayi. Masipuling'i otsitsa amakhala aafupi komanso olimbirapo kuposa omwe galimoto idabadwa nawo. Thupi likayandikira pansi, pokhota silipendekeka kwambiri, pomanga mabuleki mphuno siweramira pansi, ndipo chiwongolero chimamvera msanga. Makampani monga Eibach ndi H&R a ku Germany, kapena Tein, RS-R ndi Tanabe a ku Japan, amapanga masipuling'i otere mtundu uliwonse wa galimoto ndi akeake, ndipo ambiri amatsitsa pakati pa mamilimita 25 ndi 40. Kukoma kwake kumamveka pa msewu wosalala, wokhotakhota, munthu akuthamanga. Koma tinene chilungamo: Passo ya injini ya lita imodzi ndi masilinda atatu, itanyamula amayi, ana ndi dengu la tomato, siifika pa liwiro limene kusiyanaku kungaoneke. Chomwe ambiri akufuna ndi maonekedwe, ndipo kufuna galimoto yooneka bwino si mlandu.

Kwathu kuno chilakolakochi chimakolezedwa ndi abale ochokera ku Joni, kumene anyamata amatsitsa Polo ndi Citi Golf, ija Volkswagen idapanga kumeneko kuyambira 1984 mpaka 2009, mpaka kutsala pang'ono kukhudza phula. Ku Los Angeles, anthu ochokera ku mabanja a ku Mexico adayamba kutsitsa galimoto kalekale. Boma la California lidachita kukhazikitsa lamulo mu 1958 loletsa galimoto iliyonse yomwe thupi lake latsika kupitirira m'munsi mwa limu, ndipo anyamatawo adaliyankha poika mapampu okweza galimoto akamuona wapolisi. Lamulolo lidafafanizidwa kuyambira mu 2024. Onsewa ali ndi chinthu chimodzi chimene wa ku Nambuma alibe, ndicho phula kuchokera pageti mpaka kumene akupita.

Tsopano manambala. Galimoto za ku Japan zimenezi zimatuluka m'fakitale ndi mpata wa masentimita 14 kapena 15 pakati pa nthaka ndi chitsulo chotsikitsitsa cha kunsi. Zina n'zotsikirapo: Fit yomwe idayamba kutuluka mu 2013 ili ndi 13 ndi theka. Malamulo a ku Japan amalola mpatawu kutsika mpaka masentimita 9, ndipo opanga masipuling'i otsitsa kumeneko amayang'ana malire amenewo, osati mabampu athu. Yerekezani ndi Toyota Etios, yopangidwira misewu ya ku India, yomwe idagulitsidwanso kwambiri ku South Africa: mpata wake ndi pafupifupi masentimita 17. Kampani yomweyomweyo, ikadziwa kuti galimoto ikupita kumene kuli maenje, imaikweza.

Chinanso, mpatawu umayezedwa galimoto ili yopanda anthu. Polemba kulemera kwa galimoto itadzaza, a ku Japan amawerengera munthu mmodzi makilogalamu 55, kutanthauza kuti anthu asanu ndi makilogalamu 275, basi. Thumba limodzi la chimanga kapena la feteleza ndi makilogalamu 50. Tiyeni tiwerengere mwachiyerekezo. Tinene kuti sipuling'i yakumbuyo imafupika milimita imodzi pa makilogalamu 2 aliwonse, ndipo masipuling'i a galimoto zazing'ono sali kutali ndi pamenepa. Popeza alipo awiri, thumba limodzi la mu buti limatsitsa kumbuyo ndi mamilimita 12, mwinanso kuposerapo chifukwa buti ili kuseri kwa matayala. Matumba atatu a feteleza, kuphatikiza akuluakulu awiri pampando wakumbuyo, adya kale masentimita 5 kapena 6. Masipuling'i otsitsa, poti ndi olimbirapo, safupika mofulumira choncho, koma ayambira pansi kale. Mukachotsa zonsezi pa 14 uja, ekizozi yatsala ndi mpata wa zala zitatu kapena zinayi. Ndipo ndani wa ife adakanapo kunyamula thumba lachinayi apongozi atapempha?

Misewu yathu tikuidziwa. M12 yochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji ndi yaphula, koma ili ndi mahampu m'malo ochitira malonda, ndipo m'mphepete mwake phula lidadyeka, moti mukapatukira pambali popereka mpata kwa lole mumachita kutsika chitunda. Msewu wopita ku Kasiya ndi Santhe utaikidwa phula, anthu a cha ku Nsaru adapuma, zoona. Koma ndi angati amene nyumba yawo ili paphula? Ulendo wa kumunda, wa kutchalitchi, wa kumaliro, wa kuchigayo, wonsewo umathera m'njira za ngolo. Ngolo ndi malole onyamula fodya zimakumba timigula tiwiri moyenda matayala, n'kusiya msana pakati, ndipo msanawo umamera udzu wobisa zitsa ndi miyala. Galimoto yaing'ono matayala ake amalowa m'timigulamo, mimba n'kukwera pamsanapo. Mvula ikayamba, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, madzi amazamitsa timigulato, katondo amaterera, m'madambo mumamira, ndipo pamakalavati dothi limakokoloka n'kusiya mlomo wa simenti uli pamtunda. Galimoto ikakhala pamimba m'matope, matayala amangozungulira m'mwamba. Pamenepo kulibe luso la dalaivala. Pamafunika makasu ndi anyamata okankha, ndipo sakankha ulere. M'chilimwe matope amatha koma pamabwera mabampu ang'onoang'ono ondondozana aja, ogwedeza mano.

Chimene chimayamba kukhula pansi ndi mlomo wa bampala, ndipo imeneyo ndi pulasitiki chabe, ya mawaya ndi zomangira. Choopsa chili kuseri kwake. Sampu, mosungira oyilo wa injini, ndi chitsulo chopyapyala kapena aluminiyamu, ndipo imatsika pamodzi ndi thupi. Pambali pake pali chivundikiro cha mafuta a giyabokosi, ndipo giyabokosi za CVT zomwe zili m'galimoto zambiri zoterezi sizipirira kusowa mafuta. Sampu ikabooka oyilo amatha m'mphindi zowerengeka. Dalaivala akapanda kuona kanyali kofiira n'kuzimitsa pomwepo, injini yanoka, ndipo mtengo wa injini ina ungagule masipuling'i otsitsa kangapo.

Mfundo imene imandilemera kwambiri si ya ndalama. Kumudzi galimoto ya banja limodzi ndi ambulansi ya mudzi wonse. Nthawi ya mayi woyembekezera ikakwana pakati pa usiku, kapena mwana akakomoka ndi malungo, amagogoda kwa yemwe ali ndi galimoto, ndipo ulendo wake ndi wa ku St Gabriel's ku Namitete kapena wa kuchipatala cha Kabudula. Mumalowa wodwala, omudikirira awiri, ndowa, nkhuni ndi ufa. Masana, uli wekha, galimoto yotsika umatha kuiyendetsa mochenjera, kulowa hampu chammbali, kutsika kukaona dzenje. Usiku wa mvula, wodwala akubuula kumbuyo, nthawi imeneyo palibe.

Kukhula pansi kumamveka. Pali kuwonongeka kwina kumene sikumveka msanga. Tayala likagunda bampu limakwera m'mwamba mtunda wina lisadafike pa kampira kolekezera kamene amakatcha bump stop. Pa galimoto zazing'ono mtundawu ndi masentimita owerengeka, ndipo kutsitsa kumadya pomwepo. Tayala likafika polekezera, sipuling'i yatha ntchito, mphamvu yonse ya bampu imalowa m'thupi la galimoto. Zimayamba kutha ndi mabushi, ma ball joint, ndi mipira ya pamwamba pa mashoko. Malimu amapindika, matayala amatuluka zotupa m'mbali. Shoko yopangidwira msinkhu wakale imagwira ntchito itafinyika, imatentha, n'kuyamba kudontha. Ndiye pali ichi chimene ogulitsa sanena: pa mabampu ondondozana aja, sipuling'i yolimba imachititsa tayala kumadumpha m'malo motsata nthaka. Tayala lili m'mwamba silimanga buleki, silikhotanso. Kugwira msewu kumene munagulira masipuling'iwo kumasanduka kuterereka. Mukawonjezapo malimu a mainchesi 16 kapena 17 ndi matayala opyapyala, mwachotsanso mpweya umene umathandiza kumeza mabampu.

Tibwere ku galimoto zotsika kale zija. Ku Japan kutsitsa galimoto ndi chinthu wamba, ngakhale ya mayi wopita nayo kukagula ndiwo. Mwini wake akaigulitsa, masipuling'iwo amapita nayo kumsika wa galimoto zakale, n'kukwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe. Wogula kuno adaiona pa zithunzi za Be Forward kapena SBT Japan, adayang'ana makilomita, mtundu ndi mipando, koma mpata wa pakati pa tayala ndi thupi sadauyang'ane. Ikafika ikukhula pahampu iliyonse, iye n'kumati ndi mmene zilili galimoto za ku Japan. Kudziwa kwake n'kosavuta. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, muunike ndi tochi kuseri kwa tayala. Masipuling'i a kufakitale amakhala akuda, nthawi zambiri ali ndi timadontho ta penti. Mukaona obiriwira, ofiira kapena abuluu, kapena olembedwa dzina la kampani ina, kapena omwe mizere yake ina yathithikana pomwe ina yatalikirana, galimotoyo idatsitsidwa. Mawu amene makaniko wodziwa ntchito amanena pamenepa ndi akuti, “Bwana, iyi idabwera yotsitsa kale, tiyeni tisake ake enieni.” Masipuling'i ake enieniwo amapezeka kwa ogulitsa zipangizo zochotsa m'galimoto zina, ku Biwi ndi cha ku Malangalanga.

Zina sizidatsitsidwe ndi munthu, zidangotopa. Galimoto ya zaka 12 kapena 15, yomwe yasenza matumba nyengo zingapo zokolola, masipuling'i ake akumbuyo amafooka, ena amathyoka kumapeto kumene dzimbiri limadya mobisika. Poyeza, imikani pamalo osalala, muyeze ndi tepi kuchokera pakati pa limu kufika pamlomo wa thupi pamwamba pa tayala, mbali zonse zinayi. Kuyezera pakati pa limu kumachotsa chinyengo cha mpweya wa m'tayala. Kumanzere ndi kumanja kukasiyana kupitirira sentimita imodzi, pali sipuling'i yodwala. Kuyerekeza ndi galimoto ya mnzanu ya mtundu womwewo kumathandizanso.

Nanga yemwe wamva zonsezi, msewu wake ndi waphula, ndipo mtima wake uli pomwepo? Asankhe chotere. Choyamba si dzina la galimoto koma nambala ya chasisi, yomwe ili pa kachitsulo ka pakhomo kapena m'boneti ndi m'buku la galimoto. “Vitz” payokha sikutanthauza kanthu: KSP90 ndi ya injini ya 1.0, SCP90 ndi ya 1.3, NCP95 ndi yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo kulemera kwake n'kosiyana. Fit nayonso, GE6 ndi ya 1.3, GE8 ndi ya 1.5, GP1 ndi ya haibulidi yonyamula batire lolemera kumbuyo. Masipuling'i a imodzi akaikidwa pa inzake nthawi zambiri amalowa, koma galimoto imaima chopendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Wogulitsa amene sakufunsani nambalayi, n'kumangoti “awa amalowa paliponse, achimwene,” musiyeni ndi katundu wake.

Chachiwiri ndi muyezo wa kutsika. Pa galimoto yonyamula banja, mamilimita 20 mpaka 30 ndiye malire. Kupitirira apo mashoko a kufakitale sapirira. Makampani odalirika amalemba pabokosi kutsika kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo, ndiponso kulimba kwake m'makilogalamu pa milimita. Bokosi lopanda manambalawa ndi lokayikitsa. Pali masipuling'i olimba mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo pali ena ofewa poyamba n'kumalimba akamafinyika, omwe amadziwika ndi mizere yothithikana mbali imodzi. Achiwiriwa ndiwo oyenera galimoto imene lero ili ndi munthu mmodzi, mawa asanu. Agulidwe onse anayi, a bokosi limodzi. Mashoko akhale atsopano kapena amphamvu ndithu. Kuika sipuling'i yolimba pa shoko yotopa n'kuitana galimoto yodumpha mosalekeza. KYB, Monroe ndi Gabriel ndi mayina odziwika, ngakhale onyengezera ake ndi ambiri pamsika, ndipo Bilstein ili ndi mtundu wa B8 wofupikitsidwira dala galimoto zotsitsidwa.

Njira zachidule ziwiri zimene zimachitika m'magalaja ena ziyenera kutchulidwa kuti zikanidwe. Ina ndi kudula mzere umodzi kapena iwiri ya sipuling'i ndi gilayinda. Sipuling'i yodulidwa imalimba mosayezeka, kumapeto kwake sikukhalanso bwino pa mpando wake, ndipo tayala likalendewera m'dzenje imatha kusuntha kapena kutuluka, n'kung'amba tayala kapena paipi ya mabuleki. Ina ndi kuiwotcha ndi moto wa gasi mpaka igwe. Chitsulo cha sipuling'i chidaphikidwa mwa muyezo kufakitale, ndipo moto umachotsa mphamvu imeneyo. Imapitiriza kugwa mwezi ndi mwezi, mbali iliyonse mwa iyo yokha, kenaka n'kuthyoka. Zonse ziwiri zimaoneka bwino tsiku lotuluka m'galaja, koma paja chakomachakoma pusi adagwa chagada. Aliponso ma coilover, shoko ndi sipuling'i zobwera pamodzi zokhala ndi nati yokwezera ndi kutsitsira. Abwino ake ndi odula kwambiri, otchipa ake ndi ouma, ndipo fumbi ndi matope athu zimamanga natiyo moti pakatha nyengo imodzi ya mvula siitembenukanso.

Kaikidwe kake ndi kofanana, kaya mukutsitsa kaya mukubwezera a kufakitale. Yezani msinkhu musadayambe. Galimoto ikhale pa zitsulo zoimikira kapena pa zipika zolimba, osati pa jeke yokha, osatinso pa njerwa, zomwe zimaphwanyika mosachenjeza. Kutsogolo mumamasula kandodo ka stabilizer, chogwirira paipi ya mabuleki ndi waya wa ABS, kenaka mabawuti awiri akuluakulu a m'munsi ndi manati a pamwamba m'boneti. Mwendo ukamatuluka, habu imangiridwe kuti isagwere kunja, apo ayi imasolola CV joint n'kubala ntchito ina. Tsono apa mpamene pamavulala anthu. Sipuling'i ya pamwendopo ndi yofinyidwa ndi mphamvu ya makilogalamu mazana, ndipo chomwe chaigwira ndi nati imodzi ya pakati. Nati imeneyo siimasulidwa sipuling'i isadafinyidwe ndi zofinyira zake ziwiri, china uku china uku, zomangidwa mosinthana pang'onopang'ono. Chingwe, waya, kapena anyamata awiri oponda ndi miyendo, zimenezo zathyolapo zala ndi nsagwada. Galaja yopanda zofinyira si yopitako ndi ntchito imeneyi.

Mwendo uli chitsekulire, ndi nthawi yoona beringi ya pamwamba, mpira wotchinga fumbi ndi bump stop. Zikakhala zotha, zisinthidwe pomwepo kuti musalipire ntchito kawiri. Nsonga ya sipuling'i ikhale m'kamphako kake pa mpando, zolemba zikuwerengeka choongoka. Nati ya pakati ija isamangidwe ndi mfuti ya mpweya, chifukwa imazunguza ndodo ya shoko n'kuwononga zotsekera mafuta. Kumbuyo mumachirikiza chitsulo chopingasa ndi jeke, kumasula mashoko m'munsi, kutsitsa pang'onopang'ono maso ali pa mapaipi a mabuleki, masipuling'i n'kutuluka ndi manja. Atsopano akalowa ndipo mashoko amangidwa, agwedezeni matayala ali lende: akamasewera, ndi aafupi kwambiri pa shoko imeneyo. Mabawuti onse odutsa m'mabushi amangitsidwe galimoto itaponda pansi ndi kulemera kwake. Akamangitsidwa ili m'mwamba, mpira wa bushi umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo suchedwa kung'ambika. Ichi amakaniko ambiri amachidumpha chifukwa chimafuna kulowa kunsi pamalo opanikiza.

Ntchito siithera pamenepo. Masipuling'i atsopano amakhazikika m'masiku ochepa, kenaka galimoto ipite pa makina a alayimenti, ndipo kwa ife kumeneko ndi kutauni. Msinkhu ukasintha, matayala akutsogolo amapendekera m'kati kumwamba kwake ndipo kaloza kake kamasokonekera. Osakonza, matayala atsopano amadyeka mbali ya m'kati mpaka waya, kunja kukuoneka kwabwinobwino. Pa galimoto zambiri zoterezi kupendekera kumeneku sikukonzeka popanda mabawuti apadera, ndipo kumbuyo kulibe chokonzera n'komwe. Magetsi akutsogolo aongoledwenso. Khotetsani mpaka kumapeto mbali zonse, mumve ngati tayala likukhula. Yesaninso jeke yanu pakhomo, muganizire kuti tayala likaphwa galimoto imatsikiratu. Ambiri amazindikira ali pamsewu kuti jeke siikulowanso. A inshuwalansi auzidwe za kusinthaku, ndipo kumbukirani kuti woyeza galimoto popereka COF amayang'ana mashoko, masipuling'i, matayala ndi magetsi. Masipuling'i akale musataye kapena kupereka kwa ogula zitsulo. Tsiku logulitsa galimoto, wogula wa kuno adzafuna yokwera.

Kunena zoona, ntchito imene amakaniko athu amagwira kawirikawiri ndi yotembenuza: kukweza. Amaika masipesa, timipando ta mpira wolimba, pulasitiki kapena aluminiyamu, pamwamba pa mwendo wakutsogolo ndi pa masipuling'i akumbuyo. Nzeru imeneyi ndi ya misewu yathu ndipo imathandizadi, koma nayonso ili ndi malire omwewo a masentimita 2 kapena 3. Kupitirira apo, mikono ya m'munsi imaloza pansi kwambiri, ma CV joint amagwira ntchito atapindika n'kuyamba kulira pokhota, mashoko akumbuyo amafika polekezera kutambasuka n'kumagogoda, ndipo galimoto imapendekeka kwambiri pokhota, zomwe pa M12, pomwe pamathamangidwa, si zoseweretsa. Mabawuti a pamwamba ayenera kukhala otalikirapo kuti nati igwire mokwanira, ndipo alayimenti ndi yofunikabe. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kuika masipesa pa masipuling'i otopa. Galimoto imakwera, inde, koma ikangosenza imagweranso pa bump stop. Kusintha masipuling'i kuyambe, masipesa abwere pambuyo ngati akufunikabe. Kuika masipuling'i a galimoto ina yolemera, monga amachitira ena oyendetsa matola, kumanyamula matumba ambiri koma galimoto ikakhala yopanda katundu kumbuyo kumadumpha, ndipo mabuleki ndi maberingi ake ndi omwe aja a anthu asanu.

Njira yofatsa kuposa zonse ndi tayala. Galimoto yovala 175/65 R14 ikavala 175/70 R14 imakwera pafupifupi mamilimita 9, ndipo apa chilichonse chimakwera, ngakhale zitsulo zimene masipesa sazikweza. Mbali ya tayala imatalikirapo, motero limameza bwino mabampu n'kuteteza limu. Choipa chake n'choti sipidomita imanama pang'ono, pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse: ikamaonetsa 80 mukuyenda 82 ndi kanthu, zomwe ndi zofunika kuzidziwa pofika pamene apolisi aima ndi kamera. Muonetsetse kuti silikukhula galimoto itadzaza, ndipo matayala onse anayi akhale a muyezo umodzi.

Ena amawonjeza chitsulo chotchinga sampu, chimene owotcherera aluso amatha kupanga. Chimangidwe pa chimango cholimba cha kunsi, osati pa injini, chisakhudze sampu, chikhale ndi bowo lokhetsera oyilo ndi mipata yopitira mpweya, ndipo chisalendewere mpaka kudya mpata womwe chikuteteza. Mvula ikatha chimasulidwe n'kutsukidwa, chifukwa pamwamba pake pamaunjikana matope ndi udzu wa m'njira za ngolo zija, ndipo udzu wouma ukayandikana ndi ekizozi yotentha umagwira moto.